Zaka ziwiri zimene ndinafuna kuti adikire

Aphunzitsi a zamasewera anandipeza pakhonde ndikusoka matumba a mtedza. Anali atayamba afika kwa mlamu wanga, bambo wa mwana amene ankamufuna, koma mlamu ndi mkamwini wodziwa malire ake. Anawauza kuti mwana ndi wa amalume ake, nawalozera kwanga.

Nkhani inali yakuti ku Chipata kukubwera anthu odzasankha atsikana odziwa mpira wamiyendo, osapitirira zaka khumi ndi zisanu, ndipo aphunzitsiwo ankafuna kupita ndi mwana wa mlongo wanga. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri zokha, kamtsikana kowonda, miyendo ngati mapesi.

Sindinataye nthawi. "Aphunzitsi, kuthamanga sikufika. Akamuthyola atsikana a m'tauni aja. Adikire zaka ziwiri, mafupa akhwime."

Kunena zoona ndinadzimva wanzeru tsiku limenelo. Chonsecho ndinali ndisanamuonepo akusewera ngakhale kamodzi. Zimene ndinkadziwa n'zakuti amatitherera mapepala a pulasitiki m'mudzi muno popangira mpira wa chikulunga.

Mlongo wanga sanatsutse. Lachisanu anangondipempha kuti ndimunyamulire chimanga panjinga kupita kuchigayo, iye akutsatira pambuyo. Chigayo cha kuno kwa Zingalume chimene timagayitsako chili pafupi ndi bwalo la sukulu, ndipo ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, sindinazindikire kuti akunditchera msampha.

Mzere unali wautali. Kubwalo kunali phokoso, ndiye ndinasendera kuti ndione.

Mwana wathu uja ndinamuzindikira chifukwa ndiye anali wamfupi pa onse, wopanda nsapato, diresi atalipisira mu kabudula wa mchimwene wake. Mpira unabwera m'mwamba, wothamanga, woti ine ndikanauzinda. Iye anangoulandira ndi phazi, mpirawo n'kukhala phee ngati wauitana ndi dzina. Atsikana awiri a giredi 9 anamuthamangira. Ndinatseka maso, ndithu, poganiza za mafupa aja. Potsegula ndinaona awiriwo atagundana okhaokha, iye ali uko, mutu uli m'mwamba, akulozera mnzake poti aime. Anaupereka pamalo pomwe panalibe munthu, ndipo ndinatsala pang'ono kukuwa kuti wataya. Mnzakeyo anafika pamalopo nthawi imodzi ndi mpira, n'kuchinya.

Ndaonerapo mpira wa amuna ku Chadiza, ndaonerapo wa pa TV, koma sindinaonepo munthu woona chinthu chisanachitike. Uyu ndi mwana amene ndinkamutuma madzi akumwa, amene amagwada pondipatsa kapu. Ndinachita mantha pang'ono, ngati mmene umachitira ukaona chinthu chachikulu kukuposa chitatulukira m'nyumba mwako momwe.

Mlongo wanga anali ataima pambali panga, sindikudziwa kuyambira liti.

"Achimwene, mwati zaka zingati?"

"Ziwiri," ndinayankha, koma mawu anali atachepa.

"Zaka ziwirizo akhala atatha msinkhu. Akalowa m'nyumba ya chinamwali, anamkungwi akamuuza kuti namwali sathamanga, satukula mwendo pagulu. Akatuluka mmenemo, mpira watha. Inu amuna mumawerenga za mafupa. Ife timawerenga zina."

Ndinati zimenezo ndi zakale.

"Zakale? Ndani ankapambana liwiro pasukulu ino, kusiya ndi anyamata omwe? Inuyo simunandipezepo ngakhale tsiku limodzi."

Ndinali nditaiwala. Mulungu ndi mboni, ndinali nditaiwaliratu. Ndinakumbuka kamtsikana kakuthamanga pabwalo lomweli, aphunzitsi akukuwa, ine ndikupuma wefuwefu kumbuyo. Ndinakumbukanso chaka chimene anatuluka m'chinamwali atameta, akuyenda pang'onopang'ono, maso pansi, ife tonse tikumuyamikira kuti wakula bwino. Palibe anafunsa kuti liwiro lija lapita kuti. Manyazi anandigwira, ufa n'kuuiwala kuchigayo mpaka mwini chigayo anachita kutiitana.

Ku Chipata ndinapita nawo ndekha paminibasi, nditakhala pakati pa aphunzitsi ndi thumba la kabichi. Bwalo la kumeneko linali ndi atsikana ochuluka, ena aatali kuposa ine. Mwana wathu anagwetsedwa kangapo, ndiye pa za mafupa sindinaname kwenikweni. Koma ankadzuka, ndipo mayi wina wa osankha aja anasiya kulemba, n'kumangomutsatira ndi maso. Pamapeto sanamutenge. Mayiyo anandiuza kuti ndi wamng'ono, koma dzina lake alisunga, ndipo ndidzabwere nayenso chaka chamawa. "Chachikulu asasiye kusewera," anatero.

Miyezi isanu itapita, mlongo wanga anabwera m'mawa kudzandiuza kuti mwana wakula. Za chinamwali mwamuna salowererapo, ndipo chibadwire ndinali ndisanatumizepo mawu kwa anamkungwi. Ndinatuma mlongo wanga yemweyo kuti akanene kuti mwini mbumba wapempha: amulangize zonse za ulemu ndi za ukhondo, koma za mpira asakhudze.

Mlongo wanga anamanga chitenje chake bwinobwino, nanyamuka kupita kwa anamkungwi kutsidya la dambo. Atangodutsa nkhokwe yanga, mayi wa ana asanu uja anayamba kuthamanga.