Mandimu Amaliseche a ku Wovwe

Mpaka lero ndikangomva fungo la khoko la ndimu, ndimathawira panja. Anthu amati ndimakokomeza, ndipo sakunama. Ine nkhani ikandipeza ili mbewa, imachoka pakamwa panga ili ndi minyanga. Koma iyi ya ku Wovwe ndiyesetsa kuigwira mchira.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinkakhala awiri, ine ndi amayi, m'kanyumba kamalata kuseri kwa nyumba ya mzungu wina wa ku Italiya, Bambo Renzo, amene ankakonza mathirakitala kusikimu ya mpunga. Kwathu ndi ku Dowa. Abambo anatibweretsa kumpoto ali mesenjala, n'kumwalira konko, ndiye amayi anapeza ntchito yophikira mzunguyo. Kanyumbako kanali ka ntchito: ntchito ikatha, nako katha. Amayi ankandikumbutsa zimenezi pafupifupi tsiku lililonse. "Malita, pakamwa pakopo padzatigonetsa panja." Dzina loti Malita ankalidziwa ndi iwo okha. Wovwe yense ankanditcha Wayilesi.

Inali nyengo yokolola mpunga. Mphepo inkabwera ndi mankhusu oyabwa, olowa m'khosi, m'tsitsi, ngakhale m'tiyi. Pabwalo lililonse panali mphasa ya mpunga padzuwa ndi mwana wogwira kamtengo, kulimbana ndi nkhuku. Kuseri kwa khitchini kunali mtengo wa mandimu, ndipo chaka chimenecho unabereka mpaka nthambi zinkapempha ndodo ngati nkhalamba. Loweruka lina Bambo Renzo anaima pansi pake, n'kuloza mphuno kumwamba. Mphuno yawo inali ya mtundu uja woti imalowa m'nyumba Lolemba, mwini wake n'kufika Lachiwiri. Ananunkhiza, maso n'kulengeza misozi, nati tipange mowa wa kwawo wotchedwa limonchelo, umene amayi awo ankapanga.

Ntchito yake inali yamisala. Ndimu sunkaifinya, unkangoivula. Amayi anakhala pakhonde ndi lezala, kusenda kachikasu ka pamwamba kokha, kopyapyala moti ukanawerenga nyuzi kudzera m'menemo. Zala zawo zinkanyezimira mafuta a ndimu, ndipo fungo lake linathamangitsa ntchentche mpaka ku Tanzania. Mzungu anaima pambali ngati kapitawo, kumangobwereza Chichewa chake chothyokathyoka: "Choyera ayi, Mama. Choyera pang'ono, botolo yonse kuwawa."

Mandimu ovulawo anadzaza dengu, oyera mbuu. Amayi anandituma ndikagawire anthu. Palibe anawalandira ndi manja awiri. Mayi wina anafunsa kuti malaya a mandimuwa watenga ndani, ndipo akuchita nawo chiyani. Mawa lake ndinawaona akuyandama mumngalande ya mpunga, akupita kunyanja ali maliseche. Anthu ananena kuti mzungu wodya makoko n'kutaya chipatso ali ndi chake chimene akudziwa.

Makokowo ankafunika kuviikidwa mu mowa waukali zedi. Bambo Renzo anati wa m'sitolo ku Boma ndi madzi, ndipo ndi iwo amene ananong'oneza amayi, ine ndikumva, kuti apeze kachasu wa kumutu, woyamba kudontha uja. Kachasu anali woletsedwa. Mnzawo wa amayi, NyaGondwe, amene ankatcheza kachasu kumunsi kwa nthochi, anabwera naye m'beseni atavindikira ndi chigwada. Mzungu anathira pang'ono pasupuni n'kukhwatcha machesi. Madziwo anayaka! Lawi la buluu, lopanda utsi, likuvina pasupuni. Ine pakamwa yasaa, mwinatu kanali koyamba kukhala chete chibadwire.

Tsiku lomwelo ndinachita tchimo langa. Ndinaba lezala amayi atalowa m'khitchini, n'kusenda ndimu imodzi. Dzanja linalowa kwambiri, makoko atatu anatuluka ndi choyera chochindikala ngati chikopa cha mvuu. Poopa kukalipiridwa, ndinawaponya m'chibotolo chagalasi chimene anaviikamo makoko n'kuwakankhira pansi pa anzawo. Chibotolocho chinatsekedwa n'kulowa kunsi kwa bedi la mzungu, kumdima, kuti chikhale masiku makumi anayi. Shuga amadzathira pamapeto.

Kusukulu sindikanatha kusunga zoterezi m'mimba. Lolemba ndinauza anzanga kuti kwathu kuli madzi oyaka moto. Lachitatu madziwo ankayaka ngakhale uwathire mumtsinje. Pofika Lachisanu, supuni imodzi ikanatha kupsereza sukulu yonse pamodzi ndi ahedi, ndipo chibotolo chonsecho, mzungu akachimaliza, chikanawotcha tauni ya Chilumba ndi asilikali ake omwe, n'kutsala nsapato zokha. Anzanga anaseka mpaka kugona pafumbi. Amene sanaseke anali Wakisa, mwana wa a tcheyamani a chipani. Anangoti, "Iwe ndiwe mutesi," kutanthauza wabodza. Ndinalumbira, ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Kenako belu linalira, ine n'kuiwala.

Masabata anadutsa. Mpunga unachoka pamphasa n'kulowa m'matumba. M'mawa uliwonse amayi posesa ankatulutsa chibotolo n'kuchigwedeza pang'ono. Kachasu uja anasanduka wachikasu ngati dzira, makoko akuyera. Ine ndinkangosuzumira kufuna kuona atatu anga aja.

Kutatsala masiku awiri kuti shuga alowe, ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza pabwalo pathu pali anthu ngati pamaliro. Panali anyamata a malaya ofiira aja ofunsa makadi a chipani pamsika, wapolisi mmodzi ndi njinga yake, ndi a tcheyamani. Chibotolo chinali pakati pa bwalo, aliyense ataima nacho patali ngati chiluma. Wapolisi anachitsegula nkhope atatembenuzira kumbali. Fungo la ndimu linagwira bwalo lonse. A tcheyamani anaviikamo chala n'kulawa, nkhope n'kukwinyika ngati thumba lakale.

"Kuwawa!" anatero, nalavula. "Uyu ndi kachasu basi."

Ena anayamba kuseka, koma a tcheyamani sanaseke. Munthu wabwera ndi gulu lonselo sabwerera chimanjamanja. Anafunsa kuti kachasuyo walowa bwanji m'nyumba. Bambo Renzo anali atafiira mpaka makutu. Masiku amenewo mlendo akalakwitsa ankamupatsa tsiku limodzi kuti alongedze. Anayang'ana nsapato zawo, ndipo Chichewa chawo chinawongoka mwadzidzidzi.

"Ine ndinatuma kuki kukagula mowa wa m'sitolo. Izi sindikudziwa."

Apa sindikuwonjezerapo kanthu. Anatero, mawu omwewo.

Amayi anamuyang'ana mzunguyo nthawi yaitali. NyaGondwe anali pagulupo, mwana kumsana. Wapolisi atafunsa kuti watcheza ndani, amayi anamanga chitenje bwinobwino nati, "Ndatcheza ndekha, bwana." Iwo amene sankadziwa ngakhale kolowetsa paipi. Anawatenga wapansi, kutsogolo kwa njinga. Chibotolo anachinyamula anyamata aja kuti ndi umboni, ndipo umboniwo sunafike kupolisi. Akuti madzulo ake anapezeka akuimba mumngalande.

Amayi anagona m'chitokosi masiku atatu, ine ndikugona kwa NyaGondwe, amene ankandipatsa mbalagha zambiri, nthochi zophika ndi nyama, osandiyang'ana kumaso. Amayi atatuluka anapeza katundu wathu ali pakhonde, kanyumba kali ndi loko watsopano. Bambo Renzo anali atapita ku Boma kukagula zitsulo, ndipo zitsulozo anazigula mpaka ife titachoka.

Tinakwera lole ya mpunga, pamwamba pa matumba. Titadutsa Chilumba sindinathenso kupirira. Ndinalira, n'kuulula zonse: lezala, ndimu, makoko atatu oyera aja. Ndinati ndine ndawawitsa mowa, ndipo ukanakhala wokoma a tcheyamani sakanakwiya. Amayi anandiyang'ana, maso ofiira ndi fumbi, n'kundichotsa mankhusu m'tsitsi.

"Makoko akowo ndinawaona tsiku lomwelo, ndinawavuula," anatero. "Gona."

Ndinagonadi, mtima uli mbee, poti mlandu sunali wanga.

Ndinakula ndikudziwa choncho. Amayi atamwalira, NyaGondwe anabwera kumaliro ku Dowa, atakalamba, ndipo ndi iye anandiuza zimene zinachitika ine ndisanafike kuchokera kusukulu. A tcheyamani polowa pabwalo anafunsa amayi kuti, "Ali kuti madzi owotcha Chilumba n'kutsala nsapato zokha?" Amayi sakanalephera kuzindikira mwini wake wa mawu otero. Anakhala nane zaka zonsezo, kusamba m'manja ndi kudya nane mbale imodzi, kumaseka nkhani zanga za njovu, osatchulapo ngakhale kamodzi. Ine pa lole paja ndinkapepesa za makoko atatu, ndipo iwo anandikhululukira za makoko atatuwo.