Nkhope ya Mwana wa Eni pa Kartau Yanga

Ndatopa naye wojambula zithunzi wa ku Cuamba uja, ngakhale ali m'manda. Ndatopanso ndi mwana wake amene watsala pa loja, sitolo yojambulira ija. Lachiwiri lapitali ndinapitako 9 koloko m'mawa ndi funso limodzi: chitini cha zithunzi chimene bambo ake ankasunga pansi pa tebulo chili kuti? Mkuluyo sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Anati ndibwere mawa. Paja amati make mbuu, mwana mbuu.

Mverani mmene zinayambira, mwina mundimvetsa.

Ndinali ndi zaka 17, nkhondo ili pakati. Ndinasankhidwa kuchoka kwathu ku Ngauma kukaphunzira sekondale ku Cuamba. Bambo anandiperekeza wapansi mpaka ku Mandimba, kumene ndinakwera koluna, mdipiti wa malole woperekezedwa ndi asilikali. M'thumba ndinali ndi giya, kalata yondilola kuyenda, ya masiku makumi atatu basi. M'mtolo munali malaya awiri, bulangete, ndi mpukutu wa fodya wa m'munda mwathu, chifukwa ndalama za nthawi imeneyo ngakhale wogulitsa tomato ankaziyang'ana monyansidwa.

Kwa ine Cuamba kunali kudziko la eni. Pamsika Chimakuwa chokhachokha. M'maofesi Chipwitikizi chothamanga, osati chija aphunzitsi athu ankatidyetsa pang'onopang'ono. Njanji ndinali ndisanaionepo. Ndinaima n'kumaiyang'ana mpaka anthu anandiseka.

Ku ofesi ya sukulu ndinapeza mayi wa magalasi. Anati dzina langa lilipo, koma sindine mwana wa sukulu mpaka nditakhala ndi kartau, chiphaso cha wophunzira. Kartau imafuna zithunzi ziwiri. Popanda kartau, giya ikangotha ndiye kuti ndine mnyamata wongoyendayenda. Oterowo asilikali ankawatola pamsika, kuwakweza lole, kukawapatsa mfuti. Sankafunsa kawiri.

Wojambula m'tauni monse anali mmodzi, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Dzina lake lenileni ndilisiya. Ana a sukulu ankamutchula Bambo Amanya, kuchokera ku liwu la Chipwitikizi lotanthauza mawa. Ine ndi umbuli wanga ndinkayesa ndi mfunda wawo.

Ndinapita Lolemba, 7 koloko. Anandilandira bwino, tisanamizane. Ananunkhiza fodya uja, nati wa ku Ngauma sanama, n'kuutenga wonse. Anandiveka jekete lakuda ndi tayi yofiira zimene zinkakhala pa msomali, zovala aliyense wobwera kudzajambulitsa. Anandikhazika kutsogolo kwa nsalu yoyera. Anati ndikweze chibwano, ndisaphethire. Kheche. Ndibwere Lachinayi.

Lachinayi anati zithunzi zili m'madzi. Lachisanu anati sizinaume. Cuamba yotentha ija, imene malaya amauma usanamalize kuyanika, kapepala kochepa ngati bokosi la machesi kangakanike kuuma? Lolemba linalo anati mankhwala otsukira akubwera pa sitima. Sitima yake iti, poti inkabwera pamene yafunira? Lachitatu loja inali yotseka, akuti maliro. Loweruka anandifunsa dzina ngati sanandionepo.

Anzanga akamakumbukira Cuamba amakamba za msewu waukulu ndi phiri loonekera patali. Ine tauniyo ndinaidziwira kuseri. Ndinadziwa kanjira ka kuseri kwa chigayo, pobowoka pa mpanda wa siteshoni, ndi nyumba zimene agalu ake amangouwa osaluma. Zonsezo kunali kuzemba msika. Tsiku lina ndili kuseri kwa mtengo wa mango ndinaona lole itaima, anyamata akukwezedwa. Mmodzi anali ndi kope m'manja. M'kalasi ankandilola kukhala kumbuyo ngati mlendo, poitana mayina langa osalitchula.

Giya itatsala masiku awiri ndinalawira. 6 koloko ndinali pakhomo. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndipo ndinamupeza atatsegula kamera kumbuyo, akuuzira fumbi. Sindinali katswiri wa makamera, koma chinthu chopanda kanthu aliyense amachidziwa. Rolu, filimu ija yojambulirapo, munalibe.

"Bambo, rolu inatha liti?"

Anatseka kamerayo. "Miyezi inayi yapitayo."

"Ndiye ine munandijambula ndi chiyani?"

"Mwana wanga, ndikatseka loja ana anga adya chiyani? Rolu ibwera."

"Ichokera kuti?"

"Malawi."

"Liti?"

"Malawi."

Amene simumva Chiyao dziwani kuti pa Chiyao mawa ndi malawi. Munthuyo anandiyankha mafunso awiri ndi liwu limodzi, n'kumwetulira ngati wachita zanzeru. Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Sindichita manyazi kunena. Ndinali ndi mantha, ndinali ndi njala, ndipo fodya wa bambo anga anali atasutidwa kale.

Apo ndi pomwe anatulutsa chitini. Chinali cha mabisiketi, chodzaza timaenvelopu, kalikonse kolembedwa dzina ndi mudzi. Zinali zithunzi zakale zimene eni ake sanadzatenge. Anaziyala pa tebulo ngati akufuna kuchita njuga. Onse jekete lakuda, onse tayi yofiira. Ankatola chimodzi n'kuchiyandikiza pa tsaya langa. Uyu akuti makutu achepa. Uyu akuti wanenepa. Pa chachisanu anati, "Uyu ndiyetu inu."

Sanali ine. Mnyamatayo anali ndi kachipsera pamwamba pa diso la kumanzere. Ndinatero. Bambo Amanya anati chidindo chikagwa pankhope ngakhale amayi anga sangakane. Ndinafunsa kuti mwini wake ali kuti. Anati sanabwere kudzatenga, ndipo kufunsa za anthu masiku ano n'kudzipalira. Anandipatsa zithunzi ziwirizo, kaenvelopu n'kukaponyanso m'chitini. Sindinawerenge dzina. Maso anga anali pa masiku awiri aja.

Mayi wa magalasi sanayang'ane chithunzi, sanayang'ane ine. Anamata, anadinda, anaitana wotsatira. Ntchito yake inali yotani ngati si kuyang'ana? Koma ndisamunene kwambiri, ulesi wakewo ndi umene unandipulumutsa. Miyezi isanu ndi iwiri ndinayenda ndi kartau imeneyo. Asilikali ankaona chidindo ndi tayi, n'kundiuza ndidutse. Ndinayamba kulowa pamsika ngati munthu. Chimakuwa ndinayamba kuchimva. Mnyamata wa pa chithunzi ndinasiya kumuganizira.

Pa tchuthi ndinakwera koluna ya ku Mandimba. Chapakati pa ulendo, dzuwa lili pamutu, anatiimitsa. Msilikali anatolera makalata a lole yonse, kenako n'kuwabweza ali pansi, ife n'kumapatsirana m'manja. Pafupi nane panakhala mayi wina wachikulire, wofunda nsalu kumutu. Kartau yanga itafika m'manja mwake, inaima. Mayiwo anaiyang'anitsitsa.

Ananong'ona. "Mwanawe, chithunzi ichi wachitenga kuti? Uyu ndi Jafali wanga. Chipsera ichi anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono."

Msilikali anali mapazi atatu kuchokera pamene tinakhala. Mayiwo akanangokweza mawu, ine ndikanatsitsidwa pomwepo. Sanakweze. Anaphimba kartau ndi msonga ya nsalu yake mpaka lole inanyamuka.

M'njira anandifotokozera. Jafali anapita ku Cuamba chaka cham'mbuyo kukaphunzira, ngati ine. Anatumiza kalata imodzi yonena kuti wajambulitsa, akudikira zithunzi. Kenako zii. Uwu unali ulendo wachitatu mayiwo kukamufuna. Ku loja anafikako kawiri. Bambo Amanya anati samukumbukira, koma abwere mawa, ayang'ana. Mukumva? Mayi anatsamira tebulo lomwelo, mwana wake ali m'chitini pansi pake. Kutsegula chitini kunkafuna rolu? Kunkafuna sitima?

Kenako anapempha. "Ndimatulire kachithunziko, mwanawe. Ndilibe china. Mlongo wake wamng'ono wayamba kumuiwala."

Kutsogolo kunali malo ena awiri ofufuzira makalata. Kunali njira ya wapansi ya ku Ngauma. Kunali ulendo wobwerera ku sukulu. Kartau yopanda chithunzi ndi pepala wamba.

Ndinati, "Mawa, mayi. Tikumane pamsika wa Mandimba mawa m'mawa."

Anathokoza. Anamasula kamtolo kake n'kundigawira chinangwa chootcha, ine n'kudya. M'mawa mwake ndinali kale pa njira ya ku Ngauma, kartau ili m'thumba, chithunzi chili pomwepo. Miyezi isanu ndi iwiri ku Cuamba sindinangophunzira masamu okha.

Dzina la mayiwo sindinafunse. Mudzi wawo sindinafunse. Wofuna kuthawa safunsa zimenezo. Nkhondo itatha ndinazungulira Mandimba, koma a Jafali ndi ambiri, ndipo amayi osowa ana anali ochuluka kuposa pamenepo. Chotsala ndi kaenvelopu kaja, kolembedwa dzina lonse ndi mudzi. Kwa Bambo Amanya ndinabwererako kanayi iye ali moyo. Ulendo woyamba anati chitini chili kunyumba. Wachiwiri anati kiyi ali ndi mkazi wake. Wachitatu anandiuza kuti ndiyamike, ndi iye anandiphunzitsa sukulu. Wachinayi anali akudwala, ndipo ndinachita manyazi kumuumiriza.

Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, tsopano ndinapuma. Nyumba yanga ili ndi zithunzi zanga zenizeni, za ukwati, za zidzukulu. Kartau ija ili m'sutikesi, ndipo mnyamatayo sakalamba. Sindikudziwa ngati anatoledwa pamsika akudikira zithunzi zimene zinali zitatsukidwa kale. Sindikudziwa ngati nayenso ankauzidwa kuti sizinaume. Chimene ndikudziwa n'chakuti iye anavala jekete lija n'kusowa, ine ndinavala nkhope yake n'kupulumuka.

Tsono inu amene mwatsala pa loja, ndiyankheni. Chitini chilipo kapena munachitaya? Ngati munachitaya, nenani, ndisamawononge nsapato. Ngati chilipo, mukusungira ndani nkhope za ana a eni? Mwa timaenvelopu tija muli mayina a mabanja angati amene alibe ngakhale chithunzi chimodzi cha mwana wawo?

Inu a ku Mandimba ndi midzi yozungulira, funsani akuluakulu anu. Ngati pali banja limene linataya Jafali wa chipsera pamwamba pa diso la kumanzere, amene anapita ku sukulu ku Cuamba nthawi ya nkhondo, chithunzi chake chili ndi ine. Mayi ake mwina anatisiya. Mlongo wake uja mwina alipo, ndipo ndi chake.

Lachiwiri likubwerali 6 koloko ndidzakhala pakhomo pa loja ndi kampando kanga, ndipo sindichoka chitini chisanatsegulidwe. Asadzandiuze za mawa. Liwu limenelo ndimalidziwa kulemera kwake, ndinaliuza mayi amene anali atangondiphimba ndi nsalu yake.