Tsiku Limene Chidebe Anagwira Chiwongolero

Mwayi woyamba umene anaupeza pa moyo wake, mayi ameneyu anausanzira. Sindikuphiphiritsa ayi. Anasanzadi, pamaso pa alendo, thireyi ya matambula ili m'manja.

Anali atagwira ntchito yokolopa maboti padoko kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mabotiwo anali a kampani yonyamula anthu ofuna kuona gombe dzuwa likamalowa. Banja, kapena anthu awiri okondana, ankatenga boti lonse okhaokha, n'kudutsa m'mphepete mwa matanthwe aatali mpaka kunsanja ya nyali yotsogolera zombo, kenako n'kubwerera. Iye ankafika m'mawa mwake ndi burashi, sopo ndi chidebe, kudzapukuta mchere pamagalasi ndi kutola zinyenyeswa pansi pa mipando. Kukongola kwa gombelo ankangokumva m'kamwa mwa anthu.

Tsiku lina woperekera zakumwa anadwala. Bwana wa kampaniyo anayang'ana uku ndi uku, n'kumupatsira malaya oyera.

"Lero mukwera inuyo. Musandichititse manyazi."

Boti litangotuluka padoko n'kukumana ndi mafunde, m'mimba mwake munatembenuka. Thireyi inagwa, matambula anasweka, ndipo ulendo wonse anauthera atagwada kumbuyo kwa boti, atakumbatira chidebe chake chomwe chokolopera. Alendowo anapempha kubwerera dzuwa lisanalowe n'komwe.

Bwana sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuti alandire malaya ake.

"Anthu ena ndi apamtunda, mayi. Si mlandu. Mawa burashi ikukudikirani."

Kuyambira tsikulo dzina lake lenileni linaiwalika. Oyendetsa maboti, ogulitsa nsomba, ngakhale alonda apageti, onse ankangoti Chidebe.

Pa nthawiyo anali ndi zaka 37. Sukulu anaisiyira panjira, banja linatha kalekale, ndipo ankakhala ndi amayi ake m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yogulitsa zingwe ndi penti. Amayi akewo anali telala, ankasoka makushoni a m'maboti. Atafika kunyumba n'kuyamba kulira, iwo sanaimitse makina. Anamusiya alire mpaka msoko unatha.

"Wamaliza?" anamufunsa akudula ulusi ndi mano. "Nanga kunjako unaonako chiyani, kupatula pansi pa chidebe?"

Chidebe anapukuta misozi. "Ndinadzutsa mutu kamodzi kokha, amayi. Matanthwe aja anali psuu ngati makala a moto, mbalame zikulowa m'mapanga mwake. Chibadwire sindinaone chinthu chokongola chotero."

"Ndiye ukulirira manyazi, kapena ukulirira kuti sudzawaonanso?"

Mumtima yankho analidziwa.

Padokopo panali bambo wina wachikulire wokonza mainjini, amene aliyense ankangomutcha Amakaniko. M'mawa uliwonse ankatulutsa boti limodzi kukayesa injini, opanda alendo. Chidebe anawapeza atagona chagada pansi pa injini, sipanala ili pakamwa.

"Madala, ndingamakwere nawo mukamakayesa injini?"

Amakaniko analavula sipanala ija n'kuseka mpaka kutsokomola. "Iwe amene unadyetsa nsomba zonse za m'nyanja muno tsiku lija? Zanenepa chifukwa cha iwe. Kwera, mwanawe. Koma ubwere ndi chidebe chako, changa ndi cha oyilo."

Sabata yoyamba anasanza tsiku lililonse. Yachiwiri chimodzimodzi. Ankatsika, kutsuka m'kamwa pampope, n'kutenga burashi kuyamba ntchito ngati palibe chachitika. Amakaniko ankamuuza kuti asamayang'ane pansi, aziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Zinathandiza pang'ono, koma mseru sunathe.

M'mawa wina, ataona kuti nkhope yake yayambanso kutuwa, Amakaniko anachoka pampando.

"Gwira chiwongolero."

"Ine? Ndikuphani, madala."

"Ndakalamba kale. Gwira. Woyendetsa boti sasanza, chifukwa funde amaliona lisanafike."

Anagwira ndi manja awiri, ataluma mano. Funde linabwera, analiona, thupi lake linakonzeka. Linabwera lina, analionanso. Atabwerera padoko anazindikira kuti chidebe chija chinali chouma.

Kuchokera pamenepo anayamba kuiphunzira nyanja mmene munthu amaphunzirira mnzake wovuta amene ayenera kukhala naye. Popeza mimba yake inkamva kagwedezeko kalikonse, anadziwa zinthu zimene oyendetsa olimba m'mimba sankazilabadira. Anadziwa kuti funde ukalikwera chammbali boti limangowerama, koma ukaligunda ndi mphuno limakumenya. Anadziwa nthawi imene mphepo ya madzulo imagona. Amakaniko anamuonetsanso kanjira kopapatiza kodutsa kuseri kwa matanthwe, kumene madzi amakhala bata ngati a m'beseni.

Koma kuyendetsa alendo kumafuna chiphaso, ndipo chiphaso chimafuna mayeso olemba: mapu, malamulo a panyanja, masamu a liwiro ndi mtunda. Kwa munthu amene anasiya cholembera zaka makumi awiri zapitazo, limeneli linali phiri.

Ankawerenga nthawi ya nkhomaliro, atakhala pamulu wa zingwe kuseri kwa shedi. Lamlungu masana amayi ake ankamufunsa mafunso a m'buku uku akupalasa makina, mawu enawo akuwatchula mokhotakhota mpaka onse awiri kugwa nacho chiseko.

Analemba koyamba, analephera. Analembanso, analepheranso, ndipo ulendo uno nkhani inafika padoko iye asanafike.

"Akaputeni Chidebe afika!" ankakuwa oyendetsa maboti, akumuchitira sailuti ndi mopu.

Iye ankabweza sailutiyo n'kupitiriza kukolopa. Zinkamupweteka, tisanamizane. Koma m'mawa mwake ankapezeka ali m'boti la Amakaniko.

Kachitatu anakhoza. Anathamanga nacho chiphasocho mpaka muofesi ya bwana. Bwana anachiwerenga, anachitembenuza, n'kumubwezera.

"Mwachita bwino, mayi. Koma alendo amafuna kaputeni wooneka ngati kaputeni. Tionabe."

"Tionabe" ameneyo anatha miyezi isanu ndi itatu. Chidebe anakulunga chiphaso chake m'kapulasitiki, n'kumakolopa nacho chili m'thumba la ovololo.

Kenako linafika tsiku lina Loweruka masana. Muofesi munalowa nkhalamba yovala jekete lakale koma lositidwa bwino, ikukankha mkazi wake panjinga ya olumala. Inafotokoza kuti tsikulo ankakwanitsa zaka makumi asanu ali m'banja. Moyo wawo wonse anakhala m'tauni yomweyo, koma mayiwo anali asanaonepo gombe ali panyanja. Ali amphamvu ankaopa madzi, ndipo tsopano msana unkawapweteka akagwedezeka pang'ono pokha.

"Ndinamulonjeza tili achinyamata," inatero nkhalambayo, chipewa chili m'manja. "Chaka chilichonse ndimati chaka chamawa. Tsopano adokotala akundiuza kuti ndisiye kunena za chaka chamawa."

Oyendetsa maboti anayang'anana. Wina anati njinga singalowe m'boti. Wina anati mphepo yachuluka. Wachitatu anangoti sakufuna milandu. Nkhalamba ija inavala chipewa n'kuyamba kutembenuza njingayo.

Chidebe anali pakhomo, akupukuta galasi.

"Bwana, ndipatseni kaboti kakang'ono kaja. Ndiwatenga ine."

Bwana anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mukawabweza akulira, ntchito yatha. Ya burashi yomwe."

"Ndamva, bwana."

Anaitana Amakaniko. Awiriwo anayala matabwa amene ankaimapo popenta maboti, n'kutsetserezapo njinga ija pang'onopang'ono mpaka m'boti. Anaimanga ndi zingwe mbali zonse zinayi, n'kutsamiritsa agogo aakaziwo ndi makushoni atatu. Atatha zonsezi Chidebe sanalize injini. Anangokhala, akuyang'ana mbendera ya padoko.

"Tikudikira chiyani, mwanangu?" inafunsa nkhalamba.

"Mphepo, agogo. Ikagona posachedwapa."

Maboti ena onse ananyamuka n'kuwasiya. Patapita theka la ola mbendera ija inafooka n'kulendewera. Apo m'pamene anamasula chingwe.

Sanadzere njira ya onse yodula pakati pa mafunde. Anakhotera kudzanja lamanja, n'kulowa kanjira kaja ka kuseri kwa matanthwe. Agogo aakazi anali atatsinzina, atagwira dzanja la amuna awo mpaka zala kuyera.

"Agogo, tsegulani maso. Musayang'ane madzi, yang'anani kutali uko. Mantha anuwo ndimawadziwa. Ine ulendo wanga woyamba ndinauthera mutu uli m'chidebe, mpaka linakhala dzina."

Agogowo anatsegula diso limodzi. "Ndiye mwamuna wangayu wandipezera woyendetsa wosanza?"

"Yemweyo, agogo. Ena onse anakana."

Anaseka, ndipo posekapo anatsegula maso onse awiri.

Gombe linayamba kudzitambasula pamaso pawo. Anadutsa timagombe ta mchenga woyera tobisika pakati pa miyala, kumene kulibe njira yapansi. Anaona mathithi ang'onoang'ono akutsika pathanthwe n'kugwera m'nyanja momwemo, ndi mitengo yopendekeka imene mphepo inaipesa mbali imodzi. Pamwamba pa phiri panaoneka nyumba za m'tauni, zing'onozing'ono ngati mabokosi a machesi. Nkhalamba ija inaloza.

"Taona, mayi, sukulu ija unkaphunzitsa!"

"Ndi imeneyo? Kuchepa konseko? Ndiye phokoso lonse lija linkakwanamo bwanji?"

Panali malo amodzi okha oopsa. Kuti afike kunsanja ya nyali ankayenera kudutsa mpata umene matanthwe amalekana, pamene mafunde a kunyanja yaikulu amalowa mwaufulu. Chidebe anachepetsa injini n'kuima. Ankadziwa kuti funde limodzi lolakwika likhoza kuwaliza agogowo ndi ululu. Analola lalikulu lidutse, lachiwiri, lachitatu. Nyanja itapuma, anakankha injini n'kuwoloka chammbali. Boti linawerama kamodzi, mofatsa, n'kuwongoka.

"Tadutsa?" anafunsa agogo aakazi.

"Tadutsa."

"Basi? Zaka zonsezi ndinkaopa zimenezi?"

Kuseri kwa nsanjayo kuli malo abata. Chidebe anazimitsa injini n'kuponya nangula. Kunangotsala kaphokoso ka madzi akunyambita boti. Dzuwa linali litakhala pamwamba pa madzi, lalikulu, losawawa m'maso. Nkhalamba inatulutsa fulasiki m'chikwama n'kuthira tiyi m'makapu awiri, kenako inathiranso m'chivundikiro n'kupatsa woyendetsa.

"Tandiimbire kanyimbo kaja," anatero agogo aakazi.

"Pamaso pa mwanayu?"

"Unkaimba pamaso pa bambo anga, lero uope mwana?"

Nkhalambayo inakonza kukhosi n'kuyamba. Mawu anali osasa, ndipo pena inkaiwala n'kumangong'ung'udza, mkazi wake n'kumaikumbutsa. Chidebe anatembenukira kumbali, ngati akuyang'ana chingwe cha nangula, kuti awapatse mpata. Anamwa tiyi wake pang'onopang'ono. Mumtima mwake munali phee, ngati munthu amene wafika kwawo atayenda ulendo wautali.

Anabwerera magetsi a m'tauni akungoyamba kuyaka. Bwana anali chiimire padoko, manja m'thumba, Amakaniko ali pambali pake ndi matabwa aja. Njinga itakwera pamtunda, agogo aakazi anakodola bwanayo.

"Bambo, mwana uyu mumamubisa kuti? Msana wanga sunadziwe n'komwe kuti tinali panyanja."

Bwana anakanda m'mutu. Lolemba lotsatira analemba munthu wina wokolopa, Chidebe n'kukhala woyendetsa boti.

Nkhani inayenda yokha. Agogo aja anauza anzawo, anzawowo anauza ana awo. Anayamba kubwera anthu amene maboti ena sankawaganizira: okalamba, amayi oyembekezera, odwala amene akuchira, ndi abambo akuluakulu amene ankanong'ona muofesi kuti iwo madzi amawaopa, koma akazi awo asadziwe. Onse ankafuna munthu mmodzi: Chidebe.

Patapita zaka zinayi, iye ndi Amakaniko anaukitsa boti lakale limene linkawolera kuseri kwa shedi. Analiikira khomo lotakata ndi thabwa lotsetserekapo njinga. Lero ndi lake, ndipo limanyamuka mochedwerapo kuposa maboti ena onse.

Mwezi wathawu ndinakwera nawo, ndi mkazi wanga. Pobwerera ndinamufunsa ngati satopa kuona gombe lomwelomwelo tsiku ndi tsiku. Anaseka, maso ali kutsogolo.

"Achimwene, gombe ndimaliyang'ana kuti ndisagunde mwala. Chimene ndimaonera ine ndi nkhope za anthu. Munthu amakwera atauma ngati thabwa, pofika pakati wayamba kuloza ndi chala ngati mwana. Zimenezo sizitopetsa."

Inu amene mukuwerenga, sindikudziwa pamene mwaima lero. Mwina mwalemba mayeso kawiri osakhoza. Mwina pepala muli nalo m'thumba koma khomo silikutseguka, ndipo mwayamba kukhulupirira zimene anthu amanena za inu. Mayi uyu sanali wanzeru kuposa inu, ndipo sanayambe msanga. Ankangodzuka m'mawa n'kupitanso. Inunso mawa dzukani mupitenso, ndipo likafika tsiku limene ena onse akukana, mudzakhale okonzeka kunena kuti, "Ndipatseni ine." Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna tsiku limenelo.