Mpunga Wofiira Kuseri kwa Chipata

Ndikupempha owerenga andilole kufotokoza za alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga, amene anthu amawatchula kuti a Tsache. Dzinali linabwera chifukwa cha ntchito yawo, pakuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali wosesa m'nyumba yaikulu yosungiramo matumba a mpunga ndi tirigu, pafupi ndi njanji.

Matumba akamatsitsidwa m'malole, ena amabooka, ndipo mbewu zimatayika pansi. Lamulo linali lakuti zosesedwazo zikatayidwe kudzala. Alamu anga sankatero. Ankaziunjika kuseri kwa chipata, pamene dzanja limafika kuchokera kunja, n'kuzigawa patatu ndi tsache lawolo: gawo la nkhunda zogona kudenga, gawo la mayi wina wamasiye wa ana amapasa amene ankabwera ndi chitini m'mawa uliwonse, ndi gawo lopita kunyumba. Mlongo wanga ankawanyogodola kuti, "Kodi nkhundazi ndi akazi anu aang'ono? Izo zikunenepa, ine ndikutha." Iwo ankangoti, "Nazonso zili ndi mimba, mayi."

Ndinawerenga m'kabuku kena kuti dziko lapansi limabala chakudya chokwanira anthu onse. Sindikutsutsa. Koma chaka chimene mvula inakana, matumba anaunjikana mpaka kudenga, pamene kunja kwa mpanda anthu ankagonera madzi.

Chaka chomwecho kunabwera kapitawo watsopano. Ataona zitosi pamatumba, anaitana alamu anga n'kuwapatsa ndowa ya mpunga wofiira.

"Madala, uwu uli ndi poizoni. Muuwaze pamene mumadyetsera alendo anu aja. Mawa ndisaone nthenga ikuuluka muno."

"Bwana, pamalo pamenepo pamatolanso anthu."

"N'chifukwa chake anaupaka utoto. Wamisala wake ndani angadye mpunga wofiira?"

"Njala ilibe maso, bwana. Adzautsuka n'kuphikira ana."

"Kodi munalembedwa ntchito yosesa kapena yolalikira?"

Alamu anga anabweza ndowayo ndi manja awiri. Kapitawo anawaza yekha masana omwewo. Dzuwa lisanalowe nkhunda zinayamba kugwa kuchokera kudenga, zina zikuphupha pasimenti, kukamwa kuli yasa.

M'mawa mwake alamu anga analawirira, mayi wa amapasa asanafike, nasesa mpunga wofiira wonse. Wolowa m'ming'alu anautokosa ndi msomali. Anaukwirira pamodzi ndi nkhundazo m'dzenje lakuya, kuopa kuti agalu angafukule, kapena anthu. Kapitawo atamva, anati awononga katundu wa kampani, ndipo anawachotsa ntchito n'kuwalanda tsache pamaso pa onyamula matumba. Mmodzi wa iwo anati, "A Tsache opanda tsache, tizikutchulani ndani tsopano?" Palibe amene anamuthandiza kuseka.

Kunyumba mlongo wanga sanakalipe. Anangotenga mbale imene ankalandiriramo gawo lake n'kuivundikira pashelufu. "Ana a eni mwawapulumutsa," anatero. "Anuwa adya chifundo?" Funso limeneli silinayankhidwe mpaka lero, ndipo ine sindingaweruze pakati pa awiriwa, popeza onse ananena zoona.

Wosesa watsopano amawaza mpunga wofiira sabata iliyonse, chifukwa makoswe ndi mpheta sizinathe. Choncho alamu anga amapitabe kuchipatako m'mawa uliwonse, popanda wowatuma kapena wowalipira, n'kuima kunja kwa mpanda. Fumbi la zaka zonse zija linawasiyira chifuwa, ndipo malaya ayamba kuwakulira. Aliyense wobwera ndi chitini amamuuza mawu amodzimodzi: "Wofiirawo musatole, ndi imfa."

Sabata yatha ndinawaperekeza. Mayi wa amapasa anafika, mwana wina kumsana, wina atamugwira dzanja. Anayang'ana mpunga uja nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "nanga ukatsukidwa kawiri?"

"Ngakhale kakhumi, mayi," anayankha alamu anga.

"Ndi sopo?"

Alamu anga anasuntha n'kuima pakati pa mayiyo ndi chipata. Sanasunthenso mpaka iye atakhota pangodya ya msewu, chitini chikulira m'manja mwa mwana. Kenako anakhosomola, napukuta pakamwa, n'kundiyang'ana.

"Alamu, mwamuona mmene amauyang'anira? Mawa ndilawirire kuposa lero."