Ndinanama kuti silinda ndinayeza

Inu owerenga, mlamu wanga anafa chifukwa ine ndinathawa maphunziro a masiku ochepa, kenako n'kunama.

Kwathu ndi ku Mitundu, koma ine ndi mlamu wangayo, mwamuna wa mlongo wanga, tinagwirapo ntchito kunyanja, pamalo ophunzitsa alendo kulowa pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya. Nafenso tinaphunzira, satifiketi yoyamba tinatenga. Panali maphunziro ena, a mpweya wochulutsa okosijeni, umene umakhala m'masilinda a mzere wobiriwira ndi wachikasu. Aphunzitsi ankati uziyeza wekha silinda ndi kachipangizo koonera kuchuluka kwa okosijeni, ulembepo kuya komwe suyenera kupitirira, chifukwa ukapitirira umagwa ngati wakhunyu uli m'madzi momwemo. Eni malowo anasankha ine kuti ndikaphunzire, koma ndinapita tsiku limodzi lokha. Ndinkati mpweya ndi mpweya, azungu amangokonda mapepala. Alamu ankaganiza kuti ndinamaliza.

Malowo atatsekedwa anandipatsa zida ndi masilinda awiri odzaza, imodzi ya mzere uja. Yopanda mzere tinaimaliza pokonza damu la pa esiteti ina.

Ndiye pampu inagwera m'dzenje lakuya la kwale lodzaza madzi ku Nathenje, momwe kale ankaswamo miyala, eni ake n'kutiitana. Ine ndinali ndi chimfine, choncho olowa anali alamu. Ataona mzere anafunsa, "Alamu, iyi munayeza?" Ndinati ndinayeza. Kachipangizoko ndinalibe n'komwe. Anthu anali atatizungulira, ndipo ndinachita manyazi kunena zoona.

Ine ndinagwira chingwe chomwe anamanga m'chiuno. Chinatsika, chinatsikabe, kenako chinayamba kunjenjemera m'manja mwanga. Thovu linaleka kutuluka. Tinakoka anthu anayi, koma chinakola pamwala. Ndikanalowa ndi chiyani, silinda ina kunalibe? Ndinangoima m'mphepete kuitana munthu woti sangandimve. Chitamasuka chingwecho, tinavuula mtembo.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, malizani maphunziro onse, ngakhale akutopetseni. Silinda yomwe simunayeze nokha musaibereke, ngakhale wakupatsaniyo akhale m'bale wanu. Ndipo chimene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa.

Ine zoonazo zikundikanikabe kutuluka pakamwa. Mlongo wanga akandipeza pamsika wa Mitundu amauza ana ake kuti, "Amalume anuwa ndi amene anavuula bambo anu. Akanakhala ena akanathawa." Anawo amandipatsa moni ndi manja awiri, ine n'kulandira.