Chitsekerero cha Botolo M'jombo Yanga

Tsoka langa linabwera m'chikho, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri uku ndikuthokoza. Inu owerenga, ine ndine mlangizi wa zaulimi cha ku Nsaru, ndipo zonse ndinene pano n'zoona. Sindiwonjezera nkhani, ndine mkulu wa mpingo.

Ntchito yathu ndi yoyendera alimi, ndipo mukudziwa kuti mlendo sachoka pakhomo kukhosi kuli gwa. Pano thobwa lothira shuga, apo tiyi woti supuni imaima yokha, kutsogoloko chakumwa cha m'botolo. Kukana n'kunyoza. Thobwa limene ndamwa ine likhoza kuthirira nazale zonse za fodya kuchokera ku Kabudula mpaka ku Namitete, lina n'kutsalako.

Achipatala atandipeza ndi matenda a shuga, ndinangouza mayi a kunyumba basi. Mankhwala ndinkamwa ndikakumbukira. Kenako mapazi anayamba kuyaka, moto wake woti munthu n'kuwotcherapo mondokwa, koma ndikawagwira ankachita dzanzi ngati a munthu wina. Msana nawo unkandipweteka moti pokwera njinga ndinkayamba ndapemphera.

Kuntchito anayambitsa maphunziro a zaumoyo. Tinapita mwaunyinji poganiza za mabanzi ndi zoziziritsa kukhosi, koma tinapeza madzi ndi mtedza. Anzanga ena mpaka lero sanakhululuke.

Wophunzitsa anali namwino wamfupi, wosaseka chisawawa. Analamula kuti tonse tivule nsapato, aliyense aone kuphazi kwake. Ndikunenetsa, ntchentche zinatuluka m'chipindamo zili pamzere. Nditagwedeza jombo yanga, munagwa chitsekerero cha botolo. Ndinali nditachiponda kuyambira m'mawa, mano ake ali m'mwamba. Sokosi inali magazi okhaokha, ine osamva kanthu.

Anthu anaseka, koma namwino uja sanaseke. Ananditengera pambali, n'kutsuka chilondacho, n'kufunsa ngati ndili ndi shuga. Nditavomera anati, “Bambo, chilonda chotere mukachilekerera, mwendo umadulidwa. Kodi phazili mukulifunabe?”

Ndinkalifuna. Mlangizi wopanda phazi angafike bwanji kudimba?

Kuyambira pamenepo sindinajombeko. Tinaphunzira kuona mapazi tsiku lililonse, kugwedeza nsapato tisanavale, kumwa mankhwala pa nthawi yake, kuchulutsa ndiwo zamasamba, kudziwongola ndi kupuma ululu usanakule. Chilonda chitapola ndinayamba kuyenda ndawala m'mawa uliwonse, moti agalu a m'mudzi anatopa n'kusiya kundiuwa.

Chimene chinandisowetsa mtendere n'chimodzi: ndikana bwanji chikho cha mlimi? Namwino anati mankhwala ake n'kutchula matendawo poyera.

Mayeso anandipeza kwa aNachisale, mayi wamasiye amene amalima mtedza, mwini thobwa lotchuka dera lonselo. Anagwada n'kundipatsira chikho chachikulu choti mwana n'kusambiramo. Ndinawauza kuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo ndikapitiriza kumwa zotsekemera phazi langa lidzatsala kuchipatala. Ndinadikira kuti akwiye.

Koma iwo anati, “Nanga zaka zonsezi mumamweranji, alangizi? Ine shuga ndimathirira inuyo. Enafe timamwa lopanda.”

Anachotsa chikhocho, n'kubweretsa madzi ndi mtedza wokazinga. Nkhaniyo inafika midzi ina ine ndisanakwere njinga. Lero pakhomo lililonse amandilandira ndi mtedza, moti ndikadzamwalira pamanda panga padzamera wokha. Alimi ena amandikokera kuseri kwa nkhokwe kundifunsa za mapazi awo, ine n'kuwatumiza kuchipatala.

Ululu sunatheretu, ndisakunamizeni, koma tsopano ndimaudziwa mayendedwe ake, ndipo njinga ndimakwera ndisanamalize “Ameni”. Chimene ndimadandaula ndi zaka zimene ndinameza matenda poopa kukhumudwitsa anthu amene sakanakhumudwa n'komwe.

Inu owerenga, kuntchito kukabwera maphunziro otere, pitani ngakhale kulibe mabanzi. Matenda anu atchuleni, ulemu usakudulitseni mwendo. Chitsekerero chija ndinachikhomera pachitseko, pamwamba pa jombo zanga. Jombozo zikadali ziwiri, ndipo zonse ndimavala ndine.