Makompyuta a kumitambo andigonetsera mbewu yanga

Anthu a ku Mbulumbuzi, ndiloleni ndikuuzeni zomwe ofesi ya kopaletivi yathu yandichita.

Mvula inagwa Lolemba. Lachiwiri ndinalawira kukatenga mbewu ya nandolo kuti ndibzale nthaka isanaume. Ndinali woyamba pakhomo. Kalaliki, achimwene ena ovala tayi, anandiuza kuti ndidikire, makompyuta akugona.

Ndinaloza kompyuta ya patebulo pawo. Si iyi ili maso?

Akuti ayi mayi, maina athu sakhala umo. Amasungidwa m'makompyuta akuluakulu akutali, omwe iwo amati a kumitambo. Ntchito ikachepa amadzizimitsa okha kuti asadye ndalama. Ikachuluka amadzutsana kuti athandizane.

Ndiye vuto ndi kuchepa kwa anthu? Chabwino.

Ndinatuluka. Ndinaitana akabaza onse a pasiteji. Ndinaitana amayi ogulitsa mandasi. Kwaya ya kumpingo kwathu inali kuphunzira nyimbo pafupi, nayonso ndinaikoka. Tinadzaza khonde mpaka pamsewu. Amayi a kwaya anayamba kuimba kuti mwina akumitambowo amva.

Achimwene aja anatuluka atagwira mutu. Akuti makompyutawo saona anthu a pakhonde, amangoona mafunso omwe akutumizidwa. Nanga simukananena poyamba? Akabaza anakana kuchoka chimanjamanja, ndinawagulira mandasi.

Cha m'ma teni maofesi ena a kopaletivi anayamba kutumiza mafunso awo. Kompyuta imodzi inadzuka. Ndinati tsopano idzutsa anzake. Ayi ndithu. Akuti abwana a ku Limbe anaika malire, isamadzuke yoposa imodzi, chifukwa mwezi watha anadzuka ambiri bilu n'kukwera. Ndiye imodziyo inkatumikira Milepa, Mikolongwe ndi ife, funso langa lili kumchira.

Zodzichulukitsa zokha, koma zoletsedwa kuchuluka. Munagula chiyani kodi?

Dzina langa linatuluka dzuwa litapendeka. Ndinathamangira kunkhokwe kuseri. Loko. Mlonda akuti a sitolo, omwe amapereka mbewuyo, ataona kuti palibe akubwera, anatseka n'kupita kwawo. Nawonso anadzizimitsa.

Lero nthaka yayamba kuuma, mbewu ndilibe, ndipo akabaza akandiona akufunsa ngati kuli msonkhano wina.

A komiti, tiyankheni pamsonkhano wa mawa. Anavomereza malirewo ndani? Ngati kompyuta yachiwiri ikufuna chilolezo cha abwana kuti idzuke, tipatseni nambala yawo, tiziwaimbira tokha mvula ikagwa.